Mlendo wa M'bwato Lachikasu

Sunthirani kuno inu muli kumphepoko, ndipo amene akufuna kutsutsa atsutsiretu panopa, chifukwa ndikayamba sindifuna munthu wondidula pakamwa. Nkhaniyi ndi ya Fanuwelo Sapuwa wa ku Muloza, munthu woleredwa bwino, ndipo kuleredwa bwinoko n'kumene kunamupalira moto.

Fanuwelo anakulira pa mtsinje wa Ruo, kuwolotsa anthu ndi matumba a chimanga pa bwato la mtengo. Atamva kuti ku Kelimane, ku Mozambiki, kuli mayi wina amene akufuna munthu wodziwa kugwira nkhafi, sanachedwe. Koma m'malo monyamuka mwakachetechete monga amachitira anthu anzeru, anazungulira mudzi wonse kulengeza kuti akukagwira ntchito ya kunyanja yamchere. Mkazi wake Esinala anamukazingira mtedza wa panjira. Apongozi ake aakazi anangoyang'ana kumbali n'kunena kuti, "Tiona ngati mwezi ukathe." Mawu amenewo anakwera naye basi mpaka anakafika nawo.

Tauni ya Kelimane ili m'mbali mwa mtsinje waukulu, kufupi ndi kumene umathira m'nyanja yamchere, ndipo mtsinje wake ndi wopanda mwambo. Madzi amayenda kulowera kunyanja bwinobwino, koma pakapita maola angapo amatembenuka n'kuyamba kubwerera kumtunda, kudzaza matope onse mpaka kumiza mizu ya mitengo ya m'mbali. Tsiku loyamba Fanuwelo ataona zimenezo anayamba kulongedza chikwama. Anamuletsa ndi Zakeyu, wakabaza wa ku Milanje amene ankaimika njinga yake pachipata cha padookopo. Ameneyo anaseka mpaka anakhala pansi.

"Achimwene, kuno madzi amapita n'kubwera kawiri pa tsiku ngati mwamuna wamitala," anatero Zakeyu. "Si ufiti ayi, masulani chikwamacho."

Mwini ntchito anali Dona Felizarda, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Mayi ake omubereka anali a ku Milanje, motero Chichewa ankachilankhula bwino, makamaka pokalipa. Anali ndi mabwato asanu ndi atatu a pulasitiki, aja amati kayaki, opepuka oti munthu mmodzi n'kunyamula paphewa. Ankawasunga m'chinyumba chakale cha malata chimene chinali m'mbali mwenimweni mwa madzi, ndipo anthu a m'tauni ankabwera kudzabwereka.

"Amapita nawo kuti, mayi?" anafunsa Fanuwelo.

"Sapita kulikonse. Amakafika pa mtengo wofiira wazikidwa pakati pa madzi uwo, n'kubwerera."

"Kukatengako chiyani pamtengopo?"

"Palibe."

"Ndiye apalase okha, atope okha, abwerere pomwe achokera, kenako alipire?"

"Masewera ake ndi omwewo. Iwe ntchito yako ndi kutsegula m'mawa, kutsuka mabwato, kuveka aliyense jekete loyandamitsa ndi kuwatsatira pambuyo. Bwato langa lisapitirire mtengo wofiira, chifukwa kupitirira apo madzi ndi aukali. Ndikuyesa mwezi umodzi. Ukandigwetsera makasitomala m'matope, ubwerera kwanu pa basi yomwe yakubweretsayo."

Fanuwelo anavomera, ngakhale mumtima ankati anthu a kuno ali ndi matenda amene madokotala sanawatulukire. Sabata yoyamba inatha bwino.

Lachiwiri la sabata yachiwiri kunacha ndi chifunga choti munthu sungaone chala chako cha kuphazi. Fanuwelo anali m'chinyumba muja, atawerama, akukwecha bwato lachikasu la mipando iwiri. Kunja kunali zii, kupatula nkhanu zimene zinkathetheka m'matope. Kenako anamva mawu pakhomo, a munthu wachikulire, otsika, a Chichewa chenicheni cha kumudzi chimene anali atachisowa.

"Odi kuno."

"Odini, fikani," anayankha Fanuwelo asanadzutse n'komwe mutu.

Mukuseka chiyani? Nonsenu mukanayankha. Pakamwa pa munthu woleredwa sipadikira nzeru, pakamva odi pamayankha pokha. Atatembenuka anapeza pakhomo palibe munthu. Anatuluka, anazungulira chinyumbacho, osapeza ngakhale galu. Chimene chinalipo ndi fungo la fodya wachingambwe, uja ankakonda kusuta agogo athu. Anaganiza kuti ndi Zakeyu akumuseweretsa, koma Zakeyu anafika dzuwa litakwera, akudandaula kuti tayala linamuphwera.

M'mawa mwake jekete limodzi linasowa pa msomali. Analipeza pa mpando wakumbuyo wa bwato lachikasu, litakhazikidwa chilili, zingwe zonse zitamangidwa, koma molakwitsa, cha kumanzere chitalowa kumanja, monga amamangira munthu amene sanavalepo chinthu choterocho. Tsiku linalo anapeza bwatolo litasuntha. Iye analisiya litatsamira khoma, koma tsopano linali pakhomo, mphuno yake italoza kutsidya. Anabweza. Linasunthanso. Anamangirira ndi chingwe, ndipo m'mawa anapeza chingwecho chitamasulidwa n'kupindidwa bwinobwino, mwaulemu, chitaikidwa pa shelefu.

Akamadya chamasana, pambali pake pankamveka kakukhosomola ka munthu amene sakupempha koma akufuna udziwe kuti alipo. Fanuwelo anayamba kudya atafulatira khoma. Kwa Dona sananene kanthu. Munthu wa pa mwezi woyesedwa sauza abwana kuti walowetsa mlendo wosaoneka m'nyumba ya ntchito.

Woyamba kugwa anali mphunzitsi wina woonda ngati bango, amene anabwereka bwato lachikasu yekha. Atangokankhira m'madzi, kumbuyo kwa bwato kunamira ngati kwaikidwa thumba la simenti, mphuno ili m'mwamba. Mphunzitsiyo anapalasa thukuta lili kamukamu, Fanuwelo akumutsatira pa bwato lina mtima uli m'malere. Anafika pa mtengo wofiira bwinobwino. Koma atangoyamba kukhota kuti azibwerera, panamveka kutsonya. Sikunali kutsonya kwamasewera ayi, kunali kwautali, kochokera pansi pa mtima, kuja amatsonya munthu amene wanamizidwa. Mphunzitsi anacheuka kuti aone, ndipo bwato linangoti gubudu. Jekete linamuyandamitsa, koma magalasi ake ali komweko mpaka lero.

Achiwiri anali mnyamata ndi chibwenzi chake, ukwati utatsala milungu iwiri. Mtsikana anakhala kutsogolo, mwamuna kumbuyo, ndipo mchira wa bwato unamirabe ngati pakhala wachitatu. Popita ankaimba ndi kujambulana pa foni. Pokhota paja, kutsonya kuja kunamvekanso. Awiriwo ankalankhula Chipwitikizi, koma kutsonya sikufuna womasulira. Mtsikana anatembenuka maso ali psuu kufunsa kuti akutsonyedwa chifukwa chiyani, mwamuna akulumbira kuti iye amayesa watsonya ndi mtsikanayo. Nkhafi zinakwezedwa m'mwamba. Madzi anali ataphwa nthawi imeneyo, ndiye anagwera pa matope akuda aja onunkha ngati mazira owola. Anatuluka aliyense njira yake, ndipo Zakeyu ananyamula mtsikanayo pa kabaza atayala kaye katoni pa mpando.

Fanuwelo anaganiza zochenjera. Anabisa bwato lachikasu kuseri kwa chinyumba, n'kulivundikira ndi lona. Lachinayi kunabwera mkulu wina wa pabanki, wa kabudula woyera mbee, n'kutenga bwato lobiriwira. Fanuwelo atamva fungo la chingambwe likudutsa pambali pake kulowera kumadzi, anangogwira m'mutu. Zina zonsezo mukuzidziwa kale. Kabudula uja sanayerenso.

Madzulo ake Dona Felizarda anamuitana. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamuopsa Fanuwelo kuposa kukalipa.

"Atatu, Fanuwelo. Anayi tikawerenga mtsikana uja. Loweruka kubwera anthu khumi a kampani ina, ndipo ndakhala ndikuwanyengerera miyezi itatu. Mmodzi yekha akanyowa kolala, usadzanditsanzike n'komwe. Udzangonyamula chikwama."

Fanuwelo anatuluka. Mwezi unali utatsala masiku awiri kuti uthe. Anaona m'maganizo mwake akutsika basi pa Muloza, Esinala akuyesetsa kumwetulira, apongozi atakhala pakhonde osalankhula kanthu. Kusalankhula kwa apongozi amenewo kunkapweteka kuposa mbama. Anamva chisoni, anamvanso mkwiyo, ndipo anakakhala pa mwala pafupi ndi njinga ya Zakeyu n'kuulula zonse.

Zakeyu anamvetsera akutokosa m'mano. "Mwayesa kuwaza mchere?"

"Mchere? Munthu wokhala m'mbali mwa madzi amchere akaope mchere wa m'paketi?"

"N'zoona. Nanga kumuuza kuti azipita?"

"Ndinamuuza ndekha kuti afike. Mlendo umuthamangitsa bwanji usanamve chimene wadzera?"

"Ndiye mufunseni."

"Mukamufunse ndinu."

Zakeyu anakana ndi mutu ndi manja omwe. Kenako anati, "Komatu achimwene, akuluakulu a kuno amati pamene pali chinyumba chanupa panali dooko lakale. Anthu a kwathu kumtunda ankabwera ndi akatundu pamutu, ena kudzagwira ntchito m'minda ya kokonati. Pobwerera ankawolokera pomwepa, n'kuyenda wapansi mpaka ku Zambezi, kenako kutsata Shire. Ena ankadikira bwato masiku, malungo n'kuwapeza ali pomwepo." Anaima kaye, n'kumuyang'ana Fanuwelo ngati akumuona koyamba. "Mwati amatsonya pati?"

"Pokhota."

"Popita satsonya?"

"Popita amakhala phee."

Zakeyu anawomba m'manja kamodzi. "Ine ndine wakabaza. Nditanyamula munthu wopita kumsika, n'kufika naye pakati pa njira, n'kutembenuka kukamutsitsa pomwe anakwerera, mukuganiza angandiuze kuti zikomo? Angandithyole mano. Mkuluyo akufuna kuwoloka. Waona mabwato, wamva munthu wa chilankhulo chake, wapempha, mwamulola. Ndiye tsiku ndi tsiku mukumuonetsa tsidya n'kumubweza. Iyeyo za masewera anuzi akuzidziwa? M'masiku ake bwato linkapita kumene likupita. Kunena zoona ndi munthu woleza mtima, ine ndikanawamiza mabwato onse asanu ndi atatu."

Fanuwelo anachita manyazi, manyazi enieni, ngati munthu amene wasiya mlendo panja mvula ikugwa. Koma lamulo la Dona linali lomveka, bwato lisapitirire mtengo wofiira. Akawoloka n'kugwidwa, ntchito yatha. Akapanda kuwoloka, Loweruka wina agwa, ntchito yathanso. Lachisanu lonse anayenda ngati nkhuku yonyowa.

Loweruka analawira kusanayere bwino, chifunga chili goo pamtsinje. Anavundukula bwato lachikasu, analikokera m'madzi, anatenga jekete n'kuliika pa mpando wakumbuyo. Kenako anavula chipewa n'kulankhula kwa chifungacho.

"Akulu, pepani takuchedwetsani. Tiyeni ndikuperekezeni."

Fanuwelo analowa m'bwato. Anakhala pa mpando wakutsogolo, maso ali kutsidya. Bwato linapendekera kumanzere pang'ono, monga limachitira munthu akaponda ndi mwendo umodzi, kenako linakhazikika, kumbuyo kukumira. Anamva zingwe za jekete zikumangidwa, chimodzi, chachiwiri. Tsitsi lonse linamuimirira. Analumbira mumtima kuti ngakhale zitavuta bwanji sacheuka.

Anapalasa. Tauni inazimiririka kumbuyo, kutsogolo kulibe choona, nkhafi yokha ikuti chubwi, chubwi. Fungo la chingambwe linali pakhosi pake penipeni, ndipo ankamva kupuma kwa munthu, kwapang'onopang'ono, kokhala ndi kaliwu ka chifuwa chakale. Mtengo wofiira unatulukira m'chifunga kudzanja lamanja. Pamenepo kupuma kuja kunaima. Fanuwelo anamva kuti chinthu chonse chili kumbuyo kwakecho chamangika, chikudikira kuti chione ngati chinamizidwenso. Anatseka maso n'kukoka nkhafi mwamphamvu, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka mtengo unatsala kumbuyo.

Mpweya wautali unatuluka kumbuyo kwake, wofunda, n'kumuwomba m'khutu.

Dona sananame, madzi a kupitirira apo anali aukali. Anagwira bwato n'kuyamba kulikokera kunyanja yamchere ngati kamtsitsi. Fanuwelo anapalasa mpaka mapewa kuyaka moto, koma mphuno ya bwato inkangotembenuka. Anayamba kutchula mayina a ana ake. Kenako china chake chinagogoda m'mbali mwa bwato kumanzere, ko, ko. Sanamve tanthauzo. Chinagogodanso, mokwiya, ndipo panamveka kakutsonya kakafupi. Anapalasira kumanzere. Patapita kanthawi chinagogoda kumanja, iye n'kutsatira. Anapeza kuti alowa mu mkwasa wa madzi ofatsa umene maso sakanauona. Mkuluyo mtsinjewu ankaudziwa, zaka zonse zija anazitha akuuyang'ana.

Mantha atachepa, ulemu unabwerera, ndipo Fanuwelo anaona kuti si bwino kuyenda ndi munthu ulendo wonse osamulankhula.

"Kumudzi kuli bwino, akulu," anatero maso ali kutsogolo. "Mvula chaka chino inagwa yokwanira. Phiri la Mulanje likadali pomwe munalisiya. Koma njira zasintha, muzikafunsa."

Kumbuyo kunamveka kamawu ka m'mphuno, kaja amavomerera akuluakulu ukamawafotokozera za kumunda. Fanuwelo anapeza misozi ikutsika yokha. Nayenso kwawo anali atakusowa.

Mphuno ya bwato inagunda matope a kutsidya, pakati pa mizu ya mitengo. Zingwe za jekete zinamasulidwa. Bwato linapendekeka, kenako linapepuka mwadzidzidzi mpaka Fanuwelo anatsala pang'ono kugwa chagada. Pa matope pambali pake panayamba kuoneka mapazi, a munthu wosavala nsapato, zala zotakasuka, phazi limodzi likukoka pang'ono. Anakwera mtunda mosafulumira. Atafika pouma anaima, ndipo mawu aja anamveka kachiwiri.

"Mwatithandiza, mwana wanga. Mubwerere pomwepa."

Fanuwelo anawomba m'manja mwaulemu katatu, kenako anapalasa kubwerera ndi liwiro limene sanapalasepo chibadwire.

Pofika tsidya lino chifunga chinali chitayamba kubalalika, ndipo chinthu choyamba kuona chinali Dona Felizarda ataima padooko, manja ali m'chiuno. Anamuona akutulukira kuseri kwa mtengo wofiira, panalibe chobisa. Fanuwelo anakokera bwato pamtunda, anavula jekete lake n'kulipachika, n'kuima chipewa chili m'manja. Anaganiza kuti ngati ntchito yatha, ithe ndi choonadi.

"Unali kuti ndi bwato langa?"

"Ndimaperekeza mlendo, mayi."

Dona anayang'ana mpando wakumbuyo nthawi yaitali. Manja anatsika m'chiuno.

"Wa chifuwa uja?"

Fanuwelo anangoti kukamwa yasa. "Mumamudziwa?"

"Zaka zisanu ndi ziwiri, m'mawa uliwonse wa chifunga, odi, odi, odi. Antchito anga a kuno sankamva chimene akunena, ankangothawa. Ine ndinkamva, koma mayi anga anandiphunzitsa kuti odi wa munthu amene sunamuone nkhope sayankhidwa. Ndiye ndinati ndipeze wa kumtunda, mwina angamvane." Anatsitsa mawu. "Ndimayesa ungomupepesa achoke. Zoti akufuna kuwoloka sindinaziganize. Wafika?"

"Wafika, mayi. Wathokoza."

Dona anadzilemba mtanda pachifuwa n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako mawu ake aakulu aja anabwerera, n'kumuuza kuti atsuke mabwato msanga alendo ali panjira. Anthu khumi a kampani aja anabwera, anapalasa, anakhota pa mtengo wofiira akuseka, ndipo palibe ananyowa ngakhale chigongono. Fanuwelo ankatchera khutu pa kukhota kulikonse, koma kunali zii.

Madzulo akupachika majekete, nkhawa ina inamugwira. Ngati anamulembera ntchito chifukwa cha mkulu uja, ndiye kuti mkuluyo wapita nayo ntchitoyo kutsidya. Anapita kwa Dona akukanda m'mutu.

"Mayi, poti mlendo wapita, ndiye kuti ine basi?"

"Basi chiyani?"

"Ntchito."

Dona anamuyang'ana ngati wafunsa zamisala. "Iwe, uja anali wa kutsogolo kwa mzere chabe. Pali wa mawu a besi, pali mayi wina wa mwana wolira, pali awiri amene amakangana okhaokha. Ndinasiya kuwerenga nditafika makumi atatu. Za mwezi woyesedwa iwala, ntchito yako ndi yokhazikika. Uzilawira, uziwolotsa mmodzi patsiku makasitomala asanafike, ndipo jekete azivala aliyense."

Fanuwelo anatuluka n'kukakhala pa mwala uja. Sankadziwa ngati aseke kapena alire. Zakeyu atamva nkhaniyo anakankhira njinga yake kutali pang'ono ndi chipata, ndipo kuyambira tsiku limenelo amaimika tsidya la msewu. Fanuwelo anatulutsa foni n'kuimbira Esinala.

"Uwauze amayi kuti mwezi watha. Andilemba ntchito yokhazikika."

Esinala analulutira, kenako anafunsa, "Ndiye kuti makasitomala ndi ambiri?"

Fanuwelo anayang'ana kumtsinje, kumene madzi anali atayambanso kubwerera kumtunda.

"Ambiri," anatero. "Ndipo onse ndi akwathu."